Mafuta Abwino Ateteza Injini Yanu: Kabuku ka Mabanja a ku Entre Lagos

Kabuku aka ndi ka ndani?

Kuno ku Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, mabanja ambiri amadya kuchokera ku injini. Wina ali ndi njinga yamoto imene amanyamulira anthu kuchokera pasiteshoni ya sitima, wina ali ndi chigayo, wina pampu yothirira kudimba, wina jenereta, ndipo ena anagula galimoto yonyamulira mpunga, nandolo kapena matemba ochokera kunyanja za Chilwa ndi Chiuta. Injini ikafa, pakhomo pamalowa njala, chifukwa ndalama yokonzera imachokera pa chakudya ndi pa sukulu ya ana.

Injini zambiri zimene zimafa msanga zimaphedwa ndi zimene timazimwetsa. M'mafuta oipa mumakhala adani anayi: salufa wochuluka, madzi, fumbi ndiponso mafuta amtundu wina osakanizidwamo. Kabukuka kakufotokoza za adani anayiwa, makamaka salufa amene saoneka ndi maso, ndipo kakupatsani njira zogulira, zoyesera, zosungira ndi zothirira mafuta. Werengani pamodzi ndi aliyense amene amagwira chigubu pakhomo panu, kuphatikizapo mnyamata amene amakuyendetserani njinga kapena chigayo.

Kumene mafuta athu amachokera

Dziko la Mozambique limagula kunja petulo ndi dizilo woyengedwa kale. Mafutawa amafika pa zombo m'madoko monga Nacala, Beira ndi Maputo, ndipo bungwe la IMOPETRO ndilo limayendetsa ntchito yoitanitsa. Ena mwa mafuta otsikira ku Nacala amakwera njanji yodutsa ku Nampula ndi ku Cuamba, n'kudzadutsa pano polowa m'Malawi kudzera pa Nayuchi. Kuchokera ku Cuamba kudzafika kuno njanjiyi ndi yotalika makilomita 77.

Mafuta amene atuluka padoko amakhala atayezedwa. Vuto limayamba panjira, akamachoka m'thanki yovomerezeka n'kulowa mumgolo, kuchoka mumgolo kulowa m'chigubu, kuchoka m'chigubu kulowa m'botolo la pamsewu. Nthawi iliyonse imene akhuthulidwa pamakhala mpata woti madzi, fumbi kapena palafini alowemo. Malo a m'malire ngati athu amakumana ndi zimenezi kwambiri, makamaka mafuta akasowa mbali imodzi ya malire, monga mmene zinalili ku Malawi mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira mu 2022. Ogula akachuluka, ogulitsa osakhulupirika amachulukanso.

Salufa ndi chiyani?

Salufa ndi chinthu chachilengedwe chimene chimapezeka m'mafuta okumbidwa pansi. Kumalo oyengera amamuchotsa, koma kumuchotsa kumadula, choncho mafuta otsika mtengo pamsika wa dziko lonse amakhala ndi salufa wambiri.

Kuchuluka kwake amakuyeza ndi muyeso wotchedwa ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo 1,000,000. Mumgolo wa malita 200 a dizilo wa 500 ppm mumakhala salufa wolemera magalamu pafupifupi 84. Mumgolo womwewo wa dizilo wa 50 ppm mumakhala magalamu 8 okha. Mu 2017 mayiko a Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anasiya dizilo wa 500 ppm n'kuyamba kuitanitsa wa 50 ppm. Mayiko a ku Ulaya anafika pa 10 ppm mu 2009, pa petulo ndi dizilo yemwe, ndipo ku Japan anafikapo kale zaka zingapo izi zisanachitike. Izi zikutikhudza chifukwa magalimoto ambiri amene timagula kuno anapangidwira misewu ndi mafuta a ku Japan.

Salufa akapsa mu injini amachita zinthu zinayi:

1. Amasanduka asidi. Mpweya umene amatulutsa ukakumana ndi chinyontho cha mu injini umapanga asidi amene amadya masilinda, maring'i, mabering'i ndi ekizozi. Izi zimachitika kwambiri injini ikamagwira ntchito isanatenthe bwino.
2. Amakalambitsa oyilo. Mu oyilo muli mankhwala olimbana ndi asidi. Asidi akachuluka mankhwalawa amatha msanga, oyilo n'kusiya kuteteza zitsulo tsiku lomusintha lisanafike.
3. Amatseka zida zoyeretsa utsi. Magalimoto atsopano ali ndi zida mu ekizozi zimene zimayeretsa utsi. Salufa amamatirira pa zidazi, zimafooka, galimoto n'kuyamba kudya mafuta ambiri.
4. Amaipitsa mpweya. Utsi wa mafuta a salufa wambiri umakhala ndi tinthu ting'onoting'ono timene timalowa m'mapapo. Ana, okalamba ndi odwala mphumu ndiwo amavutika poyamba.

Kumbukirani mfundo iyi: salufa amasungunukira m'mafuta monga mchere m'madzi. Nsalu singamusefe, kudikha sikumuchotsa, ndipo mtundu wa mafuta sukuuzani kuti alimo wochuluka bwanji. Chitetezo chanu pa salufa chili pa malo amene mwagula ndi pa oyilo amene mwathira. Madzi, fumbi ndi palafini ndiwo mungathe kuwagwira nokha pakhomo.

Dziwani mtundu wa injini yanu

Injini sizipirira mofanana. Yang'anani gulu limene yanu ili.

1. Injini za kabuleta. Izi ndi njinga zamoto zambiri, majenereta ang'onoang'ono, mapampu a kudimba ndi injini za maboti. Zimapirira salufa pang'ono, koma madzi ndi fumbi zimatseka timabowo ta kabuleta msanga. Ubwino wake ndi woti makaniko wa pamsika angathe kuitsuka.

2. Injini za dizilo zakale. Izi ndi zigayo, mathirakitala ndi malole akale. Zimalimba, koma pampu yake ya dizilo imadalira kuterera kwa diziloyo kuti zitsulo zisakhulane. Palafini ndi madzi zimachotsa kutereraku.

3. Injini za petulo zopopera mafuta mwachindunji m'silinda. Pa injini zina petulo amapoperedwa panjira ya mpweya ndi mphamvu ya bar 3 kapena 4. Pa izi amapoperedwa m'kati mwenimweni mwa silinda ndi mphamvu yoyambira bar 50 kufika 200. Dziwani kuti tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa bar 2 kapena kuposerapo pang'ono. Kampani ya Mitsubishi inatulutsa injini yotere mu 1996 pa dzina la GDI, ndipo ya Toyota imatchedwa D-4. Mungaipeze pa magalimoto ena a Premio, Allion, Noah, Voxy ndi RAV4, ndiponso pa Pajero iO. Magalimoto othamanga kwambiri a masiku ano pafupifupi onse amagwiritsa ntchito njira imeneyi, chifukwa imapereka mphamvu zambiri pa mafuta ochepa. Injini zoyamba za mtunduwu zinkawotcha petulo wochepa mu mpweya wochuluka, ndipo zinkafuna chida chapadera mu ekizozi chogwira mpweya woipa. Salufa amakhala pamalo amene mpweyawo umayenera kugwidwira, chidacho n'kudzadza. Kuti chiyere, kompyuta ya galimoto imawonjezera petulo kuti ekizozi itenthe, ndipo phindu losunga mafuta lija limatha. Komanso nsonga ya nozo, kachida kopopera mafuta, imakhala m'moto weniweni, choncho mwaye umatseka timabowo take mosavuta. Mavalavu olowetsa mpweya nawo satsukidwa ndi petulo, motero mwaye umaunjikana pamenepo.

4. Injini za dizilo zatsopano. Izi zimalembedwa D-4D, dCi, TDCi, CRDi kapena DI-D, ndipo zimapezeka pa Hilux, Ranger ndi magalimoto ena a m'zaka za posachedwa. Dizilo amapoperedwa ndi mphamvu ya bar 1,600 kufika 2,000 ndi kuposa, kudzera m'timabowo topyapyala pafupifupi ngati tsitsi la munthu. Kamchenga kamene simungakaone ndi maso kangathe kukanda nozo. Zina zili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF, imene imafuna dizilo wa salufa wosapitirira 50 ppm, ndipo zina zimafuna wa 10 ppm.

Ngati injini yanu ili m'gulu 3 kapena 4, musaimwetse mafuta a m'mabotolo pokhapokha palibiretu njira ina. Manozo ndi mapampu ake sakonzedwa pansi pa mtengo. Amafuna makina oyezera amene amapezeka m'matauni akuluakulu, ndipo mtengo wa zida zake ungathe kumeza ndalama za zokolola za chaka.

Pogula mafuta

1. Gulani pamalo omwetsera mafuta ovomerezeka ndi boma nthawi iliyonse imene mwapeza mpata. Mukapita ku Cuamba kapena kwina kumene kuli malo otere, dzadzani thanki.
2. Sankhani malo amene pamamwera magalimoto ambiri. Mafuta a pamenepo sakhalitsa m'thanki ya pansi.
3. Mukapeza galimoto ya mafuta ikutsitsa, dikirani kaye. Potsitsa, zinyalala ndi madzi za pansi pa thanki zimavunduka.
4. Pemphani lisiti ndipo lisungeni. Ndilo umboni wanu injini ikavuta.
5. Tchulani bwino mafuta amene mukufuna. M'Chipwitikizi petulo ndi gasolina, dizilo ndi gasóleo, ndipo petróleo ndi palafini wa nyale. Mwana wotumidwa akasokoneza mayinawa angathe kubweretsa palafini m'malo mwa petulo, kapena petulo woti athire mu nyale, zimene zingawotche nyumba.
6. Ngati mukugula kwa wogulitsa wa m'mabotolo, khalani ndi mmodzi wodziwika amene amakhala m'mudzi mwanu ndipo mungamupeze mawa. Mufunseni kumene amatenga mafuta ake.
7. Kanani mafuta otsika mtengo kuposa a pampu yovomerezeka. Munthu amene wayenda ulendo kukatenga mafuta sangagulitse motchipa kuposa kumene anagula, pokhapokha atawonjezeramo kanthu kapena atawapeza mwakuba.
8. Kanani mafuta a m'botolo lodera limene simungathe kuona m'kati, ndi amene akhala padzuwa masiku ambiri.

Kuyesa mafuta pakhomo

Chitani izi panja, pamthunzi, kutali ndi moto ndi fodya.

Kuyesa madzi ndi zinyalala

1. Tengani botolo lagalasi loyera ndi louma.
2. Khutchumulani chigubu, ndipo thirani mafuta okwana theka la botolo.
3. Tsekani, liikeni pamalo osapendekeka kwa mphindi 15 kapena 30.
4. Yang'anani pansi pa botolo moyang'anizana ndi kuwala. Madzi amalemera kuposa mafuta, choncho amakhala pansi ngati timadontho kapena ngati mzere woonekera. Dzimbiri ndi mchenga zimadikhanso pansi.
5. Mafuta abwino amakhala oyera mbee, moti mungathe kuona chala chanu kuseri kwa botolo. Akaoneka ngati chifunga ndiye kuti muli madzi.

Kuyesa petulo wosakaniza

1. Dontheza madontho awiri kapena atatu pa pepala loyera.
2. Dikirani mphindi zingapo.
3. Petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro chachikulu. Akasiya banga lonona limene silikuuma, muli palafini, dizilo kapena oyilo.

Kuyesa dizilo

Dizilo wabwino amaterera pakati pa zala. Wosakaniza palafini amamveka wopyapyala ndi wouma, ndipo fungo lake limapita ku la nyale. Wosakaniza oyilo wakale amakhala wakuda. Sambani m'manja ndi sopo mukatha. Mayeso awa amagwira chinyengo chachikulu chokha, ndipo sangakuuzeni kuchuluka kwa salufa. Zimenezo zimatheka ndi makina a akatswiri basi.

Kusunga mafuta

1. Gwiritsani ntchito chigubu chopangidwira mafuta, kapena mgolo wachitsulo woyera wopanda dzimbiri m'kati.
2. Chigubu chilichonse chikhale ndi ntchito imodzi. Lembanipo ndi penti kuti PETULO, DIZILO kapena PALAFINI.
3. Musasunge dizilo m'ndowa kapena m'thanki yopakidwa zinki, ngati malata. Dizilo amasungunula zinki, ndipo zinkiyo amakatseka manozo.
4. Tsekani zolimba. M'nyengo ya mvula, kuyambira mu November mpaka mu April, mpweya wa kuno pakati pa nyanja ziwiri umakhala ndi chinyontho chambiri. Mpweyawu ukalowa mumgolo wosadzadza, usiku umasanduka madzi pa chitsulo n'kudonthera m'mafuta.
5. Mgolo ukhale pamthunzi, pamwamba pa njerwa kapena matabwa. Ngati waima, ikani thabwa pansi mbali imodzi kuti madzi a mvula asadikhe pa chivindikiro.
6. Mgolo wa dizilo ukangofika pa njinga kapena pa ngolo, usiyeni tsiku lathunthu kuti zinyalala zidikhe. Potunga, paipi isafike pansi. Siyani mpata wokwana chikhatho.
7. Gulani petulo amene mungamalize m'mwezi umodzi kapena iwiri. Akakhalitsa pamalo otentha amauluka, ndipo wotsalayo amasiya zomata mu kabuleta.
8. Pampu ya kudimba kapena jenereta ikamapuma miyezi ingapo, tsekani kampopi ka petulo, isiyeni ilire mpaka izime yokha, kuti mu kabuleta musatsale kanthu.

Kuthira m'thanki

1. Zimitsani injini ndipo idikireni izizire.
2. Pukutani fumbi pa chivindikiro cha thanki musanatsegule. Pachigayo pukutaninso ufa ndi gaga.
3. Gwiritsani ntchito fanelo yokhala ndi kasefa kachitsulo. Mukatha isungeni m'pepala lapulasitiki lotseka.
4. Ngati mukusefa ndi nsalu, ikhale yolimba ndi yosathothoka ulusi. Ulusi nawonso umatseka sefa.
5. Musakhuthule chigubu mpaka dontho lomaliza. Zotsalira pansi muziike m'botolo loyesera lija.
6. Musathire panja mvula ikugwa kapena mphepo ya fumbi ikuwomba.
7. Thanki ya galimoto isamatsike kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo, ndipo thanki yopanda kanthu imasonkhanitsa chinyontho.

Sefa ndi oyilo

Popeza salufa simungamuchotse, oyilo ndiye msilikali wanu.

1. Sinthani oyilo pa nthawi imene buku la injini lanena. Ngati mumayenda m'fumbi, kunyamula katundu wolemera, kapena kumwetsa mafuta osadziwika kumene achokera, fupikitsani nthawiyo mpaka theka.
2. Lembani tsiku ndi makilomita m'kope. Pachigayo ndi jenereta lembani maola amene yagwira ntchito.
3. Gulani oyilo wa m'botolo lomata. Oyilo woyezedwa kuchokera m'chidebe chotsegula angathe kukhala wakale wosefedwa.
4. Njinga yamoto imafuna oyilo wolembedwa 4T. Injini ya boti yosakaniza oyilo ndi petulo imafuna oyilo wake wolembedwa TC-W3. Zambiri zimafuna mamililita 100 pa malita 5 a petulo, koma tsatirani zimene zalembedwa pa injini yanu.
5. Galimoto yokhala ndi DPF imafuna oyilo wapadera wosiya phulusa lochepa. Oyilo wamba wa malole amatseka sefayo.
6. Sinthani sefa ya oyilo pamodzi ndi oyilo.
7. Sinthani sefa ya dizilo pa nthawi yake ndipo musagule yachinyengo. Pa injini zatsopano musadzadze sefa yatsopano ndi dizilo wa m'chigubu, chifukwa zinyalala zingalowe mbali yoyera. Popani ndi kapampu kamanja kamene kali pamwamba pake.
8. Pansi pa sefa ya dizilo pamakhala kabotolo kapena kabauti kotulutsira madzi. Tulutsani madziwo sabata iliyonse m'nyengo ya mvula, ndiponso nthawi yomweyo nyali yake ikayaka.
9. Njinga yamoto imene ilibe sefa ya petulo iikireni kasefa kapulasitiki pa paipi yochokera kuthanki. Ndi kotsika mtengo.
10. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya kawirikawiri m'chilimwe, pamene misewu yathu yadzadza fumbi.
11. Galimoto isamangoyenda maulendo afupiafupi okha. Kamodzikamodzi iyende ulendo wotalika kuti injini itenthe mokwanira. Kutenthako kumaumitsa chinyontho chimene chimapanga asidi, ndipo kumathandiza zida za mu ekizozi kudziyeretsa.

Zizindikiro ndi chochita

- Injini ikudukiza kapena kuzima mutangothira mafuta: ganizirani madzi. Zimitsani, tulutsani mafuta pang'ono pansi pa kabuleta kapena pa sefa, ndipo yesani m'botolo.
- Utsi wakuda: mafuta sakupsa onse. Yang'anani sefa ya mpweya poyamba, kenaka manozo.
- Utsi woyera wosatha injini itatentha: mwina muli madzi m'mafuta, nozo ikudontha, kapena gasiketi yapsa.
- Utsi wabuluu: injini ikuwotcha oyilo. Maring'i kapena mavalavu atha.
- Fungo la dzira lovunda ku ekizozi ya galimoto ya petulo: limachokera ku salufa. Sinthani malo ogulira petulo. Likapitirira, chida choyeretsa utsi chionedwe.
- Injini ya petulo ikugogoda pokwera mtunda ndipo ikutentha: mwina petulo ndi wosakaniza palafini. Musaikakamize, chifukwa pisitoni ingathe kubooka.
- Galimoto ya D-4 kapena GDI ikunjenjemera poima ndipo yatha mphamvu: mwina mwaye watseka mavalavu kapena manozo.
- Nyali ya injini yayaka: pitani kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yowerengera vuto. Kuchotsa batire kuti nyali izime sikuchiza kanthu.

Mukakayika, funsani makaniko wodziwa mtundu wa injini yanu musanamasule chilichonse. Safunsa anadya phula.

Zolakwika zimene ambiri amachita

1. Kuwonjezera palafini mu dizilo kapena petulo kuti achuluke. Palafini saterera mokwanira, ndipo angathe kukhala ndi salufa wambiri kuposa dizilo wa pampu. Ndalama imene mwasunga lero idzatuluka kangapo pogula pampu.
2. Kuthira oyilo wakale mu dizilo. Oyilo wakale ali ndi tizitsulo, mwaye ndi asidi amene munafuna kuchotsa mu injini.
3. Kukhulupirira kuti dizilo wa salufa wochepa ndi wofooka. Salufa sawonjezera mphamvu ya injini. N'zoona kuti pomuchotsa dizilo amataya kuterera kwina, koma oyenga amathiramo mankhwala obwezera kutereraku asanagulitse. Simukufunika kuwonjezeramo kanthu.
4. Kudalira mankhwala a m'timabotolo. Ena amathandiza kutsuka manozo pang'ono, koma palibe amene amachotsa salufa m'thanki.
5. Kuboola sefa yotsekeka kapena kuichotsa. Sefa ikatsekeka ndiye kuti yagwira ntchito yake. Ikani ina.
6. Kuliza injini mutathira mafuta olakwika. Mukathira petulo m'galimoto ya dizilo, musatembenuze kiyi ngakhale pang'ono. Ikankheni, thanki ikhuthulidwe.
7. Kutsuka nozo ndi waya kapena singano. Bowo likakula, nozoyo yatha ntchito.
8. Kugwiritsa ntchito chigubu cha madzi kapena cha mafuta ophikira chisanaume. Madontho ochepa amakwana kuzimitsa njinga.

Chenjezo: tetezani moyo

- Musayamwe mafuta ndi pakamwa kudzera pa paipi. Akalowa m'mapapo angathe kupha. Gulani kapampu kamanja.
- Mwana akamwa petulo, dizilo kapena palafini, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala. Musasunge mafuta m'mabotolo a zakumwa pamalo amene ana angafike.
- Musasunge petulo m'nyumba yogona kapena kukhitchini. Mpweya wake umalemera, umayenda pansi, ndipo ungathe kukafika pa mbaula imene ili patali.
- Musalize jenereta kapena njinga yamoto m'nyumba. Utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Chigayo chikhale ndi paipi yotulutsira utsi kunja ndi mazenera otsegula.
- Musamasule mapaipi a manozo injini ikulira, ndipo musafufuze podontha ndi chala. Mafuta a mphamvu yotere amaboola khungu. Zikachitika pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono.
- Moto wa mafuta sauzimitsa ndi madzi. Khalani ndi ndowa ya mchenga pafupi ndi mgolo.
- Musayandikire galimoto ya mafuta imene yagwa kapena ikudontha, ndipo musapite kukatunga. Pa 17 November 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete, galimoto ya mafuta inaphulika anthu akutunga petulo, ndipo anthu oposa 70 anamwalira, ena mwa iwo ana.
- Oyilo wakale ndi mafuta oipa musawataye pansi, pachitsime kapena m'madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho chimene chalowamo chimakhala momwemo pamodzi ndi nsomba zimene timadya. Sonkhanitsani m'chigubu chotseka ndipo funsani ku galaja kumene mungakasiye.

Musanagule galimoto kapena injini

1. Tsegulani boneti ndipo werengani zolembedwa pa injini. Mukaona D-4, GDI, FSI, TSI, D-4D kapena dCi, dziwani kuti idzafuna mafuta oyera nthawi zonse.
2. Dzifunseni kumene mudzamwetsa mafuta sabata iliyonse. Ngati yankho ndi m'mabotolo, sankhani injini yosavuta.
3. Funsani amakaniko a kuno ndi a ku Cuamba ngati amaidziwa injiniyo ndiponso ngati zida zake zimapezeka.
4. Funsani mtengo wa nozo imodzi ndi wa pampu musanalipire galimoto.
5. Ilizeni m'mawa injini ili yozizira, ndipo onani utsi. Onetsetsani kuti nyali ya injini ikuyaka mukatembenuza kiyi ndipo ikuzima injini ikalira.

Mukagulitsidwa mafuta oipa

Sungani mafuta okwana lita imodzi m'botolo loyera lotseka, pamodzi ndi lisiti. Lembani tsiku ndi malo amene munagula. Yambani mwakambirana ndi wogulitsa pamaso pa mboni. Zikakanika, kanenani kwa mfumu kapena kwa mkulu wa msika, ndiponso ku ofesi ya boma yoona za chuma ndi malonda, SDAE, ku Insaca. Bungwe la ARENE limayang'anira nkhani za mphamvu, kuphatikizapo mafuta. Ngati mwagula mbali ya Malawi, bungwe loona za mafuta kumeneko ndi MERA.

Eni njinga zamoto, zigayo ndi maboti, gwirizanani m'magulu. Sonkhani ndalama, tumani munthu mmodzi wokhulupirika kukagula pamalo ovomerezeka ndi zigubu zoyera, ndipo uzanani za wogulitsa amene wapezeka ndi mafuta osakaniza. Ogulitsa a m'mabotolo, makasitomala anu ndi abale anu ndi anansi anu. Sungani mafuta pamthunzi, asefeni, ndipo musawonjezeremo kanthu. Inu nonse owerenga, yambani lero ndi zinthu zitatu zotsika mtengo: botolo lagalasi loyesera, fanelo yokhala ndi sefa, ndi kope lolembamo tsiku losintha oyilo.